Mmene Nyuzipepala Zidagawikira pa Nkhani ya Kusintha kwa Nyengo

Pa 14 Ogasiti 1912, nyuzipepala ina yaing'ono ya ku New Zealand, yotchedwa Rodney and Otamatea Times, idasindikiza kankhani ka mizere yowerengeka chabe pa tsamba lina lam'kati. Kankhaniko kadati ng'anjo za dziko lonse lapansi zinkatentha matani 2 biliyoni a malasha chaka chilichonse, ndipo kuti malashawo akamapsa amatulutsa mpweya wa kaboni umene umakaunjikana mumlengalenga. Kadapitiriza kunena kuti mpweyawo umafunditsa dziko monga momwe bulangete limafunditsira munthu, kotero kuti pakadzatha zaka mazana angapo dziko lidzakhala lotentha kuposa kale. Kankhaniko sikadautse mkangano uliwonse. Kadali kamodzi mwa tinkhani ta sayansi timene akonzi a masiku amenewo ankadzazira malo otsala pa tsamba.

Patapita zaka pafupifupi 100, nkhani yomweyo idali itagawanitsa nyuzipepala zikuluzikulu za ku Britain, America ndi Australia. Tsiku limodzimodzilo, mumzinda umodzimodziwo, munthu wogula nyuzipepala ina ankauzidwa kuti dziko lili pangozi, pamene mnzake wogula ina ankauzidwa kuti zonsezo n'zongopeka za anthu ofuna kukweza misonkho. Chodabwitsa n'chakuti m'zaka zonsezo umboni wa akatswiri a sayansi unkangolimbiralimbira, osabwerera m'mbuyo. Nanga mpatuko umenewu udachokera kuti? Mbiri ikuonetsa kuti nyuzipepalazi zidayamba kusiyana pamene funso la mankhwala lidabuka. Poyamba onse ankavomereza kuti matenda alipo. Koma mtengo ndi kuwawa kwa mankhwala zitadziwika, amene adadana ndi mankhwalawo adayamba kukayikira ngati wodwalayo akudwaladi.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, nkofunika kudziwa mawu awiri amene amamveka kawirikawiri pa ndale za maiko amenewa, akuti "kumanja" ndi "kumanzere". Mawuwa adayambira ku France m'chaka cha 1789, pamene aphungu ofuna kusunga mphamvu za mfumu ankakhala kudzanja lamanja la wapampando, ndipo ofuna kusintha zinthu ankakhala kumanzere. Masiku ano a kumanja ndi amene amafuna kuti boma lisamalowerere kwambiri pa malonda, misonkho ichepe, ndipo dziko lililonse lizidzilamulira lokha popanda kumangidwa ndi mapangano ambiri. A kumanzere amafuna kuti boma liziika malamulo olondolera makampani, liziteteza anthu osauka, ndiponso lizigwirizana ndi maiko ena pothana ndi mavuto. Ku Britain nyuzipepala za Daily Telegraph, Daily Mail, Daily Express, The Sun ndi The Times zimadziwika kuti zimapendekera kumanja, pamene The Guardian ndi Daily Mirror zimapendekera kumanzere. Ku America masamba a ndemanga a Wall Street Journal akhala a kumanja kwa nthawi yaitali, pamene a New York Times akhala akupendekera mbali inayo. Umwini wake nawonso ngofunika kuudziwa. The Sun, The Times, Wall Street Journal ndi The Australian zonse n'za kampani imodzi ya banja la Rupert Murdoch, pamene The Guardian ili m'manja mwa bungwe la Scott Trust limene lidakhazikitsidwa mu 1936.

Sayansi ya nkhaniyi njakale kuposa mikangano yake. Mu 1859 John Tyndall, akugwira ntchito ku London, adasonyeza kuti mpweya wa kaboni umasunga kutentha. Mu 1896 Svante Arrhenius wa ku Sweden adawerengera mmene dziko lingatenthere mpweyawo utachuluka kawiri. Mu 1958 Charles Keeling adayamba kuyeza mpweyawu paphiri la Mauna Loa ku Hawaii, ndipo adapeza magawo pafupifupi 315 pa magawo miliyoni imodzi iliyonse a mpweya wa mumlengalenga. Chaka ndi chaka chiwerengerocho chinkakwera. M'nthawi yonseyi atolankhani ankalemba za nyengo mwa apo ndi apo, mosayang'ana chipani. Nthawi zina ankasokeranso, monga mu Epulo 1975 pamene magazini ya Newsweek idalemba nkhani yochenjeza kuti dziko likhoza kuzizira. Nkhani imeneyo idaiwalika msanga, koma patapita zaka anthu okayikira adaifukula n'kumaigwiritsa ntchito ngati umboni wakuti akatswiri sadziwa chimene akunena.

Chaka chimene nkhaniyi idafika pa tsamba loyamba ndi 1988. M'chakacho ku America kudagwa chilala choopsa, mbewu zidauma m'minda, ndipo madzi a mumtsinje wa Mississippi adatsika kwambiri. Pa 23 Juni, katswiri wa bungwe la NASA, James Hansen, adauza komiti ya aphungu a Senate ku Washington kuti dziko layamba kale kutentha, ndipo kuti adali wotsimikiza ndithu kuti gwero lake ndi mpweya wochokera ku ntchito za anthu. M'mawa mwake New York Times idaika nkhaniyo pa tsamba loyamba. Chaka chomwecho bungwe la United Nations lidakhazikitsa gulu la akatswiri lotchedwa IPCC kuti lizisonkhanitsa umboni wonse ndi kuupereka ku maboma.

Chofunika kuchikumbukira n'chakuti ena mwa atsogoleri oyamba kuchenjeza za vutoli adali a kumanja. Margaret Thatcher, nduna yaikulu ya Britain ya chipani cha Conservative, yemwe adaphunzira sayansi ku Oxford asadalowe ndale, adalankhula mwamphamvu za nkhaniyi pamaso pa akatswiri a Royal Society mu Sepitembala 1988, ndiponso ku msonkhano waukulu wa United Nations mu Novembala 1989. Mu 1990 adatsegula Hadley Centre, malo ofufuzirako za nyengo. George Bush wamkulu, pulezidenti wa chipani cha Republican, adasaina pangano loyamba la za nyengo ku Rio de Janeiro mu 1992. Motero m'zaka zoyambirirazo nyuzipepala ya kumanja sinkaona cholakwika polemba kuti dziko likutentha, popeza atsogoleri a mbali yake omwe ankanena zomwezo.

Zinthu zidasintha pamene maiko adaleka kukambirana za matenda n'kuyamba kukambirana za mankhwala. Kuti mpweya wa kaboni uchepe, padafunika kuchepetsa malasha, mafuta ndi gasi, zinthu zimene chuma cha maiko olemera chidamangidwapo. Njira zimene zidaperekedwa zidali msonkho pa mafuta, malamulo okhwima kwa eni mafakitale, ndi mapangano omanga maiko onse. Zitatu zonsezi ndi zimene a kumanja amadana nazo kuyambira kale, ndipo ndi zomwezo zimene a kumanzere amazikonda kuyambira kale. Makampani a mafuta, malasha ndi magalimoto adakhazikitsa bungwe la Global Climate Coalition mu 1989, ndipo kwa zaka zoposa khumi bungwelo lidafalitsa uthenga wakuti sayansi sidatsimikize kanthu ndipo kuti ntchito za anthu zidzatha. Mu Julayi 1997 aphungu a Senate adavota, 95 kwa 0, kuti sadzavomereza pangano lililonse limene lingapweteke chuma cha America kapena kusiya kunja maiko ongotukuka kumene. Pangano la Kyoto lidapangidwa mu Disembala chaka chomwecho, koma mu 2001 George Bush wamng'ono adalikana. Thatcher yemwe, atapuma pa ndale, adalemba m'buku lake la mu 2002 kuti nkhani ya nyengo yasanduka chifukwa chimene anthu ena akufunira kuti maboma azilamulira chuma cha dziko lonse. Ziwerengero za ku Mauna Loa zidali zisadasinthe njira. Chimene chidasintha ndi maganizo a mayiyo pa mankhwala amene ankaperekedwa.

Nyuzipepala zidatsata mapazi a andale awo. Anabela Carvalho, yemwe adasanthula nkhani za m'nyuzipepala zitatu za ku Britain kuchokera m'zaka za m'ma 1980 mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, adapeza kuti The Times inkapereka malo ambiri kwa anthu okayikira, pamene The Guardian ndi The Independent zinkatsindika za kuopsa kwa vutoli ndi udindo wa boma. Komatu ku America kudaoneka vuto lina limene silidasankhe mbali. Atolankhani amaphunzitsidwa kuti pa mlandu uliwonse azimva mbali zonse ziwiri, ndipo limeneli ndi lamulo labwino pamene mbali ziwirizo zilidi ndi umboni wolingana. Mu 2004 Maxwell Boykoff ndi Jules Boykoff adasanthula nkhani za mu New York Times, Washington Post, Los Angeles Times ndi Wall Street Journal kuchokera mu 1988 mpaka 2002. Adapeza kuti nkhani zoposa theka zinkapereka malo ofanana kwa onena kuti anthu ndiwo akutenthetsa dziko ndi kwa onena kuti n'zachilengedwe chabe. Chaka chomwecho Naomi Oreskes adaunika zolemba 928 za akatswiri a sayansi, ndipo sadapeze ngakhale chimodzi chotsutsa kuti anthu ndiwo akuchititsa. Tsono wowerenga ankaganiza kuti akatswiri agawikana pakati, chonsecho mbali imodzi kudali khamu ndipo mbali inayo kudali anthu owerengeka.

Ndalama nazo zidalowererapo. Kwa zaka zambiri kampani ya mafuta ya Mobil, imene pambuyo pake idakhala ExxonMobil, inkagula malo pa tsamba la ndemanga la New York Times n'kuikapo zolemba zooneka ngati ndemanga wamba. Mu 2017 Geoffrey Supran ndi Naomi Oreskes adayerekeza zolembazo ndi malipoti a akatswiri a kampani yomweyo. Adapeza kuti malipoti ambiri a akatswiriwo ankavomereza kuti dziko likutentha chifukwa cha anthu, pamene zambiri mwa zolemba zopita kwa anthu wamba zinkadzala chikayiko. Izi zikuonetsa kuti ngakhale nyuzipepala yosakayikira sayansi ikhoza kunyamula uthenga wa okayikira, bola wina walipira.

Sikungakhale chilungamo kunena kuti zolakwa zonse zidali mbali imodzi. Nyuzipepala zokhulupirira za vutoli nthawi zina zinkathamangira mitu yoopseza imene umboni sudali kuichirikiza. Mu Malichi 2000 The Independent idalemba nkhani yonena kuti chipale chofewa chatsala pang'ono kukhala mbiri yakale ku Britain, ndipo kuti ana sadzachidziwanso. M'nyengo zozizira za 2009 ndi 2010 chipalecho chidagwa chambiri, misewu ndi mabwalo a ndege n'kutsekedwa, ndipo olemba ndemanga a kumanja adaibwereza nkhani ija kwa zaka zambiri moiseka. Gulu la IPCC nalo lidavomera mu Januwale 2010 kuti lidalakwitsa mu lipoti lake la 2007 ponena kuti madzi oundana a m'mapiri a Himalaya akhoza kutha pofika 2035. Kulakwitsa kumodzi m'masamba zikwi zingapo sikudagwetse umboni wonse, koma kudapatsa okayikira chibonga chimene iwo okha sakadatha kudzisemera.

Padali kanthawi kochepa pamene mbali ziwirizi zidaoneka ngati zayandikana. Mu 2006 katswiri wa zachuma Nicholas Stern adapereka lipoti ku boma la Britain losonyeza kuti kuzengereza kudzadya chuma chambiri kuposa kuchitapo kanthu msanga. Imeneyi idali mfundo yolankhula chinenero cha a kumanja, chinenero cha phindu ndi kutayika kwa ndalama. Mu Meyi 2007 Rupert Murdoch adauza antchito ake kuti kusintha kwa nyengo ndi chiopsezo chenicheni, ndipo adalonjeza kuti kampani yake ichepetsa mpweya umene imatulutsa. Mu 2008 Nyumba ya Malamulo ya Britain idavomereza lamulo la za nyengo, ndipo aphungu amene adalikana sadakwane n'khumi omwe.

Mgwirizanowo udasweka mu Novembala 2009. Kutatsala milungu yochepa kuti msonkhano waukulu wa za nyengo uyambe ku Copenhagen, anthu osadziwika adaba makalata oposa 1,000 m'makompyuta a akatswiri a nyengo a pa University of East Anglia n'kuwamwaza pa intaneti. M'makalatamo mudali mawu aukali onena za anthu okayikira, mudali kukambirana za momwe angapewere kupereka ziwerengero kwa owatsutsa, ndiponso mudali liwu lina lachingerezi limene pakati pa anthu wamba limatanthauza chinyengo, pamene pakati pa akatswiri limatanthauza njira yanzeru yothetsera vuto la masamu. James Delingpole, wolemba ndemanga wa Daily Telegraph, adatchukitsa dzina lakuti Climategate, kufanizira nkhaniyi ndi mlandu wa Watergate umene udagwetsa pulezidenti Richard Nixon mu 1974. Dzinalo lokha lidali chigamulo, mlandu usadazengedwe.

Mwezi wa Disembala 2009 ndiwo udaonetsa poyera kutalikirana kwa mbali ziwirizi. Pa 7 Disembala, tsiku lotsegulira msonkhano wa ku Copenhagen, nyuzipepala 56 za m'maiko 45 zidasindikiza ndemanga imodzi, yolembedwa motsogozedwa ndi The Guardian, yopempha atsogoleri kuti asabwereko chimanjamanja. Msonkhanowo uli mkati, Daily Express idaika pa tsamba loyamba nkhani yopereka zifukwa 100 zosonyeza kuti kusintha kwa nyengo n'kwachilengedwe. Atsogoleri adabalalika popanda pangano lomanga aliyense, makamaka chifukwa cha kusamvana kwa maiko olemera ndi ongotukuka kumene. Kenaka makomiti angapo adafufuza za makalata aja, kuphatikizapo komiti ya aphungu ndi ina yotsogozedwa ndi Muir Russell imene idapereka lipoti mu Julayi 2010. Onse adapeza kuti akatswiriwo sadapotoze ziwerengero, ngakhale adawadzudzula chifukwa chosamasuka popereka zimene ankafunsidwa. Koma chigamulo chotere sichikoma pa tsamba loyamba monga momwe chinenezo chimakomera, ndipo anthu ambiri adatsala ndi nkhani yoyamba ija. Ngakhale George Monbiot, wolemba wa The Guardian wodziwika poteteza chilengedwe, adafulumira kunena kuti mkulu wa akatswiriwo atule pansi udindo, ndipo pambuyo pake adavomera kuti adalakwa. Pajatu akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa.

Mu 2011 James Painter wa ku Reuters Institute, ku Oxford, adayerekeza nyuzipepala za maiko asanu ndi limodzi: Brazil, China, France, India, Britain ndi America. Adapeza kuti mawu a anthu okayikira adali ochuluka kwambiri ku Britain ndi America kuposa ku maiko ena anayiwo, ndipo kuti m'maiko awiriwa ankapezeka makamaka m'nyuzipepala za kumanja, pa masamba a ndemanga. Zimenezi zikuphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, mpatukowu sudabadwe ndi nkhaniyi, popeza ku Brazil ndi ku India kulinso nyuzipepala zosiyana maganizo pa ndale, koma sizinkakangana za ngati dziko likutentha. Chachiwiri, m'nyuzipepala imodzimodziyo mukhoza kukhala mawu awiri: mtolankhani wa sayansi amalemba zimene akatswiri apeza, pamene masamba angapo kutsogolo wolemba ndemanga akuzinyoza. Wall Street Journal ndi chitsanzo chabwino. Mu Januwale 2012 idasindikiza ndemanga yosainidwa ndi anthu 16 ophunzira sayansi yonena kuti palibe chifukwa chochitira mantha, chonsecho ochepa okha mwa iwo ndiwo adali akatswiri a nyengo. Akatswiri 38 adayankha, koma yankho lawo lidatuluka ngati kalata ya kwa mkonzi. Ku Britain, mu Febuluwale 2017, Mail on Sunday idanena kuti atsogoleri a maiko adanamizidwa ndi ziwerengero zopotozedwa asadasaine pangano la ku Paris la 2015. Patapita miyezi isanu ndi iwiri, bungwe loyang'anira nyuzipepala la IPSO lidagamula kuti nkhaniyo idali yosocheretsa, ndipo lidalamula nyuzipepalayo kusindikiza chigamulocho.

Mbali zonse ziwiri zidazindikira kuti mawu ndi chida. Mu 2002 Frank Luntz, mlangizi wa chipani cha Republican, adalangiza andale ake kuti azinena zakuti nyengo ikusintha m'malo monena kuti dziko likutentha, popeza mawu oyambawo saopsa kwambiri, ndiponso kuti azikumbutsa anthu kuti sayansi sidafike pamapeto. Mu Meyi 2019 The Guardian idachita zosiyana ndi zimenezo: idauza atolankhani ake kuti mawu akuti kusintha ngofatsa kwambiri, choncho azilemba kuti ndi ngozi yofunika changu. Nyuzipepalayi idali itayamba kale, mu 2015, kulimbikitsa mabungwe akuluakulu kuti achotse ndalama zawo m'makampani a malasha ndi mafuta, ndipo mu Januwale 2020 idaleka kulandira zotsatsa malonda za makampani otere. Oikonda adati yaonetsa kulimba mtima. Oidzudzula adafunsa ngati nyuzipepala imene yasanduka womenyera nkhondo ingathenso kufotokoza mokhulupirika mfundo za amene sigwirizana nawo. Funsolo ndi lomveka, ndipo limagwira mbali zonse mofanana.

Chimene chidafooketsa okana si mtsutso ayi, koma moto ndi kutentha kumene owerenga adakuona ndi maso awo. Kumapeto kwa 2019 ndi kumayambiriro kwa 2020 nkhalango za ku Australia zidayaka kwa miyezi, anthu 33 adafa ndi motowo, ndipo nyumba zoposa 3,000 zidapsa. Nyuzipepala ya The Australian idatsindika kwambiri za anthu otentha tchire mwadala, pamene ozimitsa moto ankanena kuti moto wambiri waukulu udayamba ndi mphezi pa nkhalango zouma ndi chilala. Mu Januwale 2020 James Murdoch, mwana wa mwini wake, adadzudzula poyera mmene nyuzipepala za bambo wake zinkalembera nkhaniyi, ndipo mu Julayi chaka chomwecho adachoka pa udindo wake m'kampaniyo. Mu Okutobala 2021 nyuzipepala zingapo za kampaniyo ku Australia zidayamba kulimbikitsa kuti dzikolo lichepetse mpweya wake. Daily Express, ija ya zifukwa 100, idali itayamba kale ndawala yoteteza chilengedwe kumayambiriro kwa chaka chomwecho. Mu Julayi 2022, Britain itawawuka ndi dzuwa, Daily Mail idaseka anthu pa tsamba loyamba kuti ngofewa, angoona kadzuwa pang'ono n'kutseka masukulu. Tsiku lomwelo, pa 19 Julayi, ku Coningsby kudatentha kufika madigiri 40.3, zimene zidali zisadachitikepo m'mbiri ya dzikolo, ndipo nyumba zidapsa m'mudzi wa Wennington kummawa kwa London. M'mawa mwake tsamba loyamba la nyuzipepala yomweyo lidali la motowo.

Komabe mkangano sudathe. Udangosamukira pamalo pamene udayambira, pa mtengo wa mankhwala. Nyuzipepala zambiri za kumanja zidachepetsa kukana kuti dziko likutentha, n'kuyamba kufunsa kuti adzalipira ndani, ndipo chifukwa chiyani Britain ithamange pamene China ikumangabe nyumba zopangira magetsi ndi malasha. Mu Sepitembala 2023, pamene nduna yaikulu Rishi Sunak adasuntha chaka choletsera kugulitsa magalimoto atsopano a petulo kuchoka pa 2030 kufika pa 2035, The Sun ndi Daily Mail zidamuyamikira kuti wapulumutsa mabanja ovutika, pamene The Guardian idamudzudzula kuti wabwerera m'mbuyo. Mtsutso umenewu ngosiyana ndi wakale uja, chifukwa funso lakuti adzalipira ndani ndi funso lenileni la ndale, limene anthu anzeru akhoza kusiyanapo maganizo. Ku France mu 2018 msonkho wa mafuta udautsa zionetsero zazikulu za anthu a kumidzi ndi a m'matauni aang'ono, amene sakadatha kupita kuntchito popanda galimoto. Nyuzipepala yofunsa za anthu otere, kapena za wa mumgodi amene ntchito yake ikutha, ikugwira ntchito yake. Imalakwa pokhapokha ikamabisa muyeso wa kutentha pofuna kupambana mtsutso wa misonkho.

Zaka zimene zidathera m'kukayikira zidali ndi mtengo wake. Pamene Hansen ankalankhula mu 1988, mpweya wa kaboni udali pa magawo pafupifupi 351. Pofika 2024 udali utapitirira 420. Pafupifupi theka la mpweya wonse umene anthu atulutsa potentha malasha, mafuta ndi gasi kuyambira pamene mafakitale adayamba, watuluka kuchokera cha m'ma 1990, nthawi imene chenjezo lidali litamveka kale. Mu 2021 gulu la IPCC lidanena kuti palibenso chikayiko chakuti anthu ndiwo atenthetsa dziko, ndipo chaka cha 2024 chidatentha kuposa zaka zonse za m'mbuyo mwake chiyambire kuyeza. Zengerezu adalinda kwawukwawu, koma pa nkhani iyi amene adazengereza si amene adayamba kulangika. Africa yonse imatulutsa gawo lochepa kwambiri la mpweyawu. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adasefukiritsa mtsinje wa Shire ndi kuwononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo akatswiri a gulu la World Weather Attribution adapeza kuti kutentha kwa dziko kudawonjezera mvula imene idagwa ku Malaŵi, Mozambique ndi Madagascar m'nyengo imeneyo. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy adagumula mapiri kummwera kwa Malaŵi, ndipo anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa. Ambiri mwa anthu amenewa sadaonepo Daily Mail kapena Wall Street Journal, komabe zimene nyuzipepalazo zinkauza ovota a maiko olemera zidathandiza kukhazikitsa liwiro limene maboma awo adayendera.

Wophunzira mbiri imeneyi amatolapo luso limene lingamuthandize pa nkhani ina iliyonse. Akatenga nyuzipepala, ayambe wadziwa mwini wake ndi mbali imene imapendekera. Aone ngati chimene akuwerengacho ndi nkhani ya mtolankhani, ndemanga ya munthu, kapena malo ogulidwa ndi kampani. Aone ngati munthu wotchedwa katswiriyo ndi katswiridi wa phunziro limene akulikamba. Koposa zonse, alekanitse mafunso awiri amene nyuzipepala za mbali zonse zakhala zikuwasakaniza kwa zaka zoposa makumi atatu. Funso lakuti dziko latentha motani limayankhidwa ndi zida zoyezera, ndipo yankho lake ndi limodzi kwa wa kumanja ndi wa kumanzere. Funso lakuti achite chiyani, liti, ndipo alipire ndani limayankhidwa ndi anthu pokambirana, ndipo pamenepo mpoyenera kumva mbali zonse. Mkonzi wa ku New Zealand uja adalondola pa funso loyambalo kalekale mu 1912. Adangolakwitsa pa nthawi yokha, pakuti zimene ankayembekeza kuti zidzatenga zaka mazana angapo zidayamba kuoneka zaka 100 zisadakwane.